Wofunsidwa Woyamba

Galimoto itawoloka mlatho wa Shire n'kulowa msewu wa ku Makanjira, Rahma anatsegulanso envulopu imene inali pamiyendo pake. Munali mapepala makumi anayi, lililonse la masamba awiri. Tsamba loyamba linkafotokoza zimene anapeza pa kafukufuku wake wa digiri ya masitazi: kuti chambo chikuchepa pa magombe a ku Lungwena, ndi zifukwa zimene asodzi eniake anatchula. Tsamba lachiwiri linali mndandanda wa anthu makumi atatu ndi awiri amene anawafunsa, popanda dzina ngakhale limodzi. Aliyense anali ndi nambala, ndipo kutsogolo kwa nambalayo kunali maboti ake, mtundu wa ukonde wake, ndi mayankho a mafunso awiri ovuta: ngati amasokerera masikito, maukonde a udzudzu, m'thumba la khoka, ndiponso ngati amalowa m'madzi nyanja itatsekedwa ndi boma.

"Uwang'amba mapepalawo ndi maso," anatero Dokotala Doris, amene ankayendetsa. Iwo ndiwo ankamuyang'anira Rahma ku yunivesite. "Lero n'kungowauza anthu zimene wapeza. Ndikasaina kuti msonkhano wachitika, chatsala ndi mutu wotsiriza wa buku lako basi."

"Ndi kwathu uku, madamu. Kukanakhala kwina sindikanaopa."

Kumbuyo kunakhala a Kalisto, a ku ofesi yoona za nsomba ku boma, amene Dokotala Doris anawaitana kuti adzamve nawo. Anali a ku Dedza, ndipo anali atakhala ku Mangochi zaka zitatu.

"Ine akandifunsa zovuta ndiwauza kuti kwathu timangodziwa mbatata," anatero a Kalisto, ndipo onse anaseka pang'ono.

Rahma anakulira ku Lungwena. Bambo ake, Che Yunus, anamwalira iye ali Sitandade 6, ndipo amene anamulera ndi mjomba wake, mlongo wa mayi ake, Che Sulemani, mwini khoka ndi maboti awiri. Chaka chapitacho, atabwera ndi mafunso ake, asodzi ankamulonjera bwino n'kumuuza za mwera ndi za mtengo wa petulo, koma akafika pa masikito aliyense ankakumbukira ntchito imene wasiya. Che Sulemani anangomuyang'ana masiku awiri. Tsiku lachitatu anamuitana pakhonde.

"Zimene ndikuuzezi zikathera kuti?"

"M'buku langa, amjomba. Dzina lanu silituluka."

"Lumbira."

Analumbira. Pamenepo mkuluyo anamuuza kuti kwa zaka zitatu wakhala akusokerera masikito m'thumba la khoka lake, chifukwa khokalo linkatuluka lopepuka ngati chitenje chochapa, pamene alovi ake khumi ndi awiri, antchito okoka khokalo, ali ndi ana. Chimene chimabwera tsopano ndi kasawala, tiana ta chambo tosakwana chala. Anati akudziwa kuti akudya nsomba za chaka chamawa. Lachisanu lotsatira, anthu akutuluka mu mzikiti, anaima pakhomo n'kunena kuti, "Mwana uyu ndi wanga. Muuzeni zoona, ine ndamuuza kale." Kuyambira tsiku limenelo, makomo anatseguka.

Msonkhano unachitikira m'kalasi ya madrasa, pafupi ndi mzikiti. Inali cha m'ma teni, mwezi wa Okutobala, ndipo malata ankalira ndi kutentha. Amuna anakhala pa mabenchi, amayi ogula nsomba pa mkeka cha kukhoma. Che Sulemani anakhala kutsogolo kumanja, chisoti choyera kumutu, manja pa mawondo. Che Jaffalie, wapampando wa komiti ya pagombe, anatsegula ndi duwa, pemphero la Chisilamu, n'kulandira alendo, kenako anaitana Rahma ndi dzina la bambo ake n'kuti, "Abiti Yunus, bwalo ndi lanu."

Rahma anagawa mapepala aja benchi ndi benchi. Anayamba m'Chichewa chifukwa cha alendowo, akumatembenuzira m'Chiyao pamene akuluakulu akwinya nkhope. Tsamba loyamba linayenda bwino. Atasonyeza mzere wotsika umene unkaimira chambo cha zaka khumi, wina kumbuyo anafunsa ngati mzerewo ndi wa chambo kapena ndi mphamvu za Che Hafiz chikwatireni kachiwiri. Anthu anaseka, ndipo Che Hafiz, nkhalamba ya ndevu zofiira, anamuloza ndi ndodo wonenayo.

Kenako kunamveka mapepala akutembenuzidwa, ndipo kuseka kunatha pang'onopang'ono.

Rahma anapitiriza kulankhula, koma maso ake anali pa Che Hafiz. Chala cha mkuluyo chinatsika pa tsambalo n'kuima pa mzere wachitatu. Milomo yake inkayenda. Anadzutsa mutu, anayang'ana munthu amene anakhala naye pafupi, n'kubwereranso pa pepala. Pa benchi yachiwiri anthu awiri anagundanitsa mitu, wina akuwerenga zala.

Che Jaffalie anakweza dzanja.

"Abiti Yunus, kafunso kakang'ono. Chaka chatha ine munandipeza tsiku lina m'mawa, mutachoka kwa Che Hafiz. Ndinali wachinayi, eti?"

Che Jaffalie anapitiriza, maso ali pa pepala.

"Mzere wachinayi ukuti boti limodzi la injini, ukonde wa matchera, masikito ayi, nyanja itatsekedwa ayi. Ameneyo ndine. Sindikudandaula, mwandilemba bwino." Anaika chala pamwamba pa tsambalo. "Ndiye ndikuti, tonse tikudziwa khomo limene munayambira."

Rahma anazindikira chimene chachitika. Maina a ofunsidwa anachita kusankhidwa ndi kompyuta ku yunivesite, koma ku Lungwena munthu sayenda makomo motsatira kompyuta. Dzina loyamba pa pepala la kompyutalo linali la Swadick, mkamwini wobwera dzana. Kuyamba ndi iye, kudutsa pakhomo pa mjomba wake ndi pa akuluakulu ena, kukanakhala kunyoza akuluwo ndi kumuika Swadick pa moto. Choncho anayenda monga mmene amayendera wonena ukwati kapena maliro: wamkulu poyamba, kenako womutsatira, mpaka wamng'ono. Akachoka pa khomo lililonse ankalemba nambala yotsatira pamwamba pa pepala. Atabwerera ku sukulu anafufuta maina onse, n'kuona ngati wamaliza. Sanaganizepo kuti gombe lonse linamuona akuyenda, ndipo kuti ngakhale wosamuona akanatha kuwandanda anthuwo pamtima.

Mzere woyamba unkati: maboti awiri, khoka, masikito inde, nyanja itatsekedwa inde.

Dokotala Doris anaimirira, akumwetulira ngati munthu wodzazimitsa kamoto kakang'ono.

"Bambo wapampando, musade nkhawa. Manambala amenewa sakutsatira mmene anayendera. Amasakanizidwa dala, ndiye lamulo lathu. Ngati mzere wachinayi wafanana ndi inu, zangochitika. Si choncho, Rahma?"

Ankanena zimene ankakhulupirira. Rahma sanawauzepo za mayendedwe ake, chifukwa kwa iye sinali nkhani yoti n'kuuza munthu.

Kunja mbuzi inkadzikanda pa khoma. Rahma anaona kuti liwu limodzi lokha likanakwana. Akanati inde, a Kalisto akanakhulupirira, Dokotala Doris akanasaina, ndipo akanabwerera ku boma nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Koma pa mabenchi amenewa panali anthu makumi atatu amene aliyense anali atapeza kale mzere wake, ndi mawu ake enieni. Akanadziwa kuti wanama, ndipo akanadziwa amene wamunamira. Che Jaffalie sakanasiya. Rahma anayang'ana kwa mjomba wake. Che Sulemani anali atapinda pepala lake pawiri osaliwerenga, ndipo ankayang'ana bolodi, pamene panali zilembo za Chiarabu zimene ana anasiya dzulo.

"Abiti Yunus," anatero Che Jaffalie motsitsa mawu, "ndi zoona zimene akunena mayiwa?"

"Ayi."

"Rahma?" anatero Dokotala Doris.

"Sindinasakanize, madamu. Manambalawa akutsatira mmene ndinayendera." Anatembenukira kwa anthu. "Akuluakulu, ndalakwa ndine. Ndinakulonjezani kuti palibe adzadziwe zimene mwandiuza. Tsamba ili silinayenera kufika m'manja mwa munthu aliyense. Ndikupempha mundibwezere mapepala onse."

Phokoso linabuka kumbuyo. Wina anati anadziwa kale kuti za sukuluzi zidzathera kwa a boma. Mayi wina pa mkeka anati mwamuna wake sanafune n'komwe kuyankha, anachita kukakamizidwa ndi mawu a pa mzikiti paja. Rahma anayamba kuyenda pakati pa mabenchi atatambasula dzanja. Ena anamupatsa osamuyang'ana. Mmodzi analikwinya kaye pepalalo asanalipereke. Swadick analikhalira lake, ndipo mnzake anachita kumugunda ndi chigongono kuti alitulutse.

"Dikirani kaye," anatero Che Jaffalie. Sanakweze mawu, koma anthu anakhala chete. "Zaka ziwiri zapitazo khoka langa linawotchedwa pagombe apa, ana anga akuonerera. Ndinalakwa, ndinavomera. Mutandisankha kukhala wapampando ndinasiya zonsezo, ndipo matchera amene ndili nawowa sandidyetsa ngati kale. Sabata iliyonse anyamata amandifunsa kuti, bwanji makoka a akuluakulu sagwidwa? Ine ndimati tilibe umboni. Lero umboni wabwera wokha, wosindikizidwa bwinobwino, ndiye mukuti tiubweze mu envulopu. Mawa ndikawayankha chiyani?"

Rahma sanapeze cholakwika m'mawu amenewo. Zinali zomwezo zimene iye analemba m'mutu wachinayi wa buku lake, m'Chingerezi chosalala.

Anafika pa tebulo la alendo. Pepala la a Kalisto linali lotsegula pa tsamba lachiwiri, cholembera chili pamwamba pake. Nkhope yawo sinalinso ya nthabwala za mbatata zija.

"Bambo, ndikupempha."

"Mayi, ine pano ndabwera pantchito. Pepala ili likuti anthu makumi awiri ndi mmodzi pagombe pano ali ndi masikito m'makoka mwawo."

"Silikutchula munthu."

"Kwa ine silikutchula. Koma wapampando akhoza kundiwerengera."

"A Kalisto," anatero Dokotala Doris, "munabwera ngati mlendo wathu. Zimene anthu anauza wophunzira wanga n'zotetezedwa, ndipo yunivesite idzalemba kalata ngati zigwiritsidwa ntchito ina." Kenako anamukokera Rahma pafupi n'kunong'ona. "Ukudziwa kuti ndiyenera kukanena ku komiti yoona za chitetezo cha ofunsidwa? Akhoza kukana mayankho onsewa. Chaka chathunthu, Rahma."

"Ndikudziwa, madamu."

"Bwanji sunandiuze?"

"Sindinaone kuti pali choti ndinene. Kuno timayenda choncho."

A Kalisto sanachotse dzanja pa pepala. Anayang'ana kwa wapampando. "Che Jaffalie, mungathe kundiuza kuti manambalawa ndi ndani?"

Che Jaffalie anayang'ana tsambalo nthawi yaitali. Rahma ankadziwa kuti pa mzere wa khumi ndi chisanu ndi chiwiri pali mkamwini wawo, ndipo pa mzere wa makumi awiri ndi chimodzi pali mwana wa mchimwene wawo. Thukuta linatsika m'mbali mwa chisoti chawo.

"Ndingathe," anatero. "Aliyense muno angathe."

"Ndiye tiyambe."

Benchi ya kutsogolo inalira. Che Sulemani ankaimirira, pang'onopang'ono, atagwira bondo limodzi. Anadikira mpaka msana utawongoka.

"Musavutike kuwerenga, bwana. Woyambayo ndine, Sulemani. Maboti awiri, khoka limodzi, masikito alimo. Ndinasoka ndi manja angawa."

"Amjomba," anatero Rahma.

Mkuluyo sanamuyang'ane. "Anthu awa sanafune kulankhula. Ndinawauza ndine, pakhomo la mzikiti, kuti alankhule. Ndiye za m'pepalamo simunazimve kwa eni ake, munazitola pansi mwana atagwetsa. Zanga zokha ndizo mwazimva kwa mwini wake. Khoka lili kuseri kwa nyumba yanga, pafupi ndi thandala loyanikapo nsomba. Simusochera, aliyense akulozerani." Anatembenukira kwa wapampando. "Jaffalie, anyamata ako ukawauze kuti la Sulemani lagwidwa. Likukwanira?"

Che Jaffalie anaimirira. Anapinda pepala lake, anayenda masitepe atatu, n'kulipereka kwa Rahma.

"Maso anga atopa," wapampandoyo anauza a Kalisto. "Zilembozi n'zazing'ono."

A Kalisto anayang'ana anthu onse aja, benchi ndi benchi, ndipo palibe amene anawayang'ana. Anapuma mozama, anachotsa cholembera chija, n'kukankhira pepalalo kwa Rahma.

"Pepala ndabweza," anatero. "Koma zimene ndamva ndi makutu anga sindingazibweze, bambo. Mukudziwa lamulo. Si masikito okha, ndi khoka lonse."

"Ndikulidziwa."

"Mawa m'mawa tibwera ndi galimoto."

"Mudzandipeza."

Che Sulemani anaika pepala lake pa benchi n'kutuluka. Ena anamutsatira, osadikira duwa yotsekera. Posakhalitsa adhana yoitanira anthu ku swala, pemphero la masana, inamveka, ndipo m'kalasimo munatsala alendo okha ndi mabenchi okhotakhota. Rahma anatola mapepala awiri amene anagwa pansi, anawerenga onse, n'kupeza kuti akwana. Dokotala Doris anatulutsa fomu yoti asaine ija, anaiyang'ana, n'kuibwezera m'chikwama osasaina.

"Tinyamuka pakatha theka la ola," anatero. "Pita ukawaone."

Rahma anadikira kuti swala ithe. Kenako anadutsa njira ya pakati pa mathandala, pamene amayi ankatembenuza usipa. Amene m'mawa anamuitana kuti Abiti Yunus ali patali, tsopano anaweramira nsomba zawo.

Anawapeza mjomba wake kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango. Khoka linali litatambasulidwa pa mchenga, lalitali mpaka kumpanda, lodzaza ndi zigamba za ulusi wamitundumitundu. Pakati pake panali thumba lija, lobiriwira ndi masikito. Che Sulemani anali atakhala pa chitsa akumasula zingwe zokokera. Alovi ake awiri anaima chapatali, ndipo ataona Rahma anachoka.

Anagwada pambali n'kupereka salamu. Mkuluyo anayankha, maso ali pa mfundo.

"Zingwezi sizinalakwe," anatero. "Izi sapita nazo."

"Amjomba, ndinalumbira."

"Unalumbira."

"Sindinadziwe kuti..."

"Sindikuti unanama. Unayenda monga tinakulerera. Ukanayamba kwa Swadick, ndikanakhala chaka osakulankhula." Mfundo inakana, ndipo anaigwira ndi mano. "Koma iwe unapita kusukulu kuti uziona zimene ife sitiona. Ine ndinaika dzina langa pa zimenezo."

Rahma anayang'ana pansi. Pa ulusi wa masikitowo panali timamba touma, tating'ono ngati mchenga.

"Alovi anu atani?"

"Afunsa kwa ena ngati kuli malo. Ena apita ku Makanjira. Sindikudziwa." Anaponya chingwe pambali n'kutenga china. "Sukulu yakoyo atani nawe?"

"Mwina andiuza kuti ndiyambirenso. Ndifunsenso anthu."

"Osati kuno. Pagombe pano palibe adzakuyankhenso funso, ngakhale la kuti mwadzuka bwanji ukalifunsa uli ndi cholembera. Ngakhale ine, Rahma. Usadzandifunsenso."

"Ndamva."

"Chambo chikuthadi, zimenezo sunaname. Ukalembe. Koma ukazipeze kwina."

Kumsewu hutala ya galimoto inalira kawiri. Rahma anaimirira, anasasa mchenga pa mawondo, n'kupita. Dokotala Doris anali atatsitsa galasi, ndipo a Kalisto kumbuyo ankayang'ana foni yawo. Rahma anapereka envulopu ija pa windo.

"Awa mukawasunge inu, madamu, mukawaonetse a komiti. Lipoti langa ndilemba ndekha, ndidzabwera nalo Lolemba. Ine nditsala."

"Utsala kudzatani?"

"Galimoto ikamabwera mawa ndikhalepo."

A Kalisto anadzutsa mutu. "Sizisintha kanthu, mayi."

"Ndikudziwa, bambo."

Galimoto itapita, anabwerera kuseri kwa nyumba. Che Sulemani anali atamaliza zingwe, ndipo anali ataima kumapeto kwa khoka, akuyesa kulipinda yekha. Linali lolemera kwa munthu mmodzi.

"Anzako akusiya," anatero.

"Ndawauza apite."

"Mawa pabwera anthu ambiri kudzaonerera. Ena adzakulankhula zoipa."

"Adzalankhule."

Mkuluyo anamuyang'ana koyamba chitulukireni m'kalasi muja. Sanamwetulire. Analoza ndi chibwano mbali ina ya khoka, imene inali cha kumpanda.

"Gwira uko. Usakoke, lingang'ambike. Ndikufuna alipeze lopinda bwino."